Dzanja lamanja likuthamanga, komanso ndikufuna kuphunzira zamba zina pa gitala

Chiko Matawale:
Akuluakulu mwaswera bwanji. Ndili ndi nkhani ine. Makiyi ndimawadziwa bwinobwino, C, F, G, Am mpaka ma bar chord, aja chala chimodzi chimakanikiza nsambo zonse, ndimagwira ndithu koma ndikamaimba ndi kwaya akumati ndikumathamanga makamaka tikafika pa kolasi, mayi amene amaimba chisekese mpaka amachita kucheuka. Ndikakhala ndekha kunyumba sindimva vuto lililonse. Chachiwiri nyimbo iliyonse ndikumaimenya mofanana, kaya ndi ya maliro kaya ndi ya chikwati kamenyedwe kamodzimodzi komweko. Ndikufuna ndizitha rege, rumba ndi zathu zakuno. Ndiyambire pati?

Yami Chanco:
Aise tsitsa app ya metronome pafoni, kachipangizo kolira mobwereza pa liwiro losasintha, zilipo zaulere zambiri ndipo ukatsitsa sizifunanso bandulo. Iyike pa 60, kutanthauza kulira ka 60 pa mphindi imodzi, gwira nsambo zonse ndi dzanja lamanzere osakanikiza kuti zizingomveka tchaka tchaka, nde uzimenya pansi pa kulira kulikonse. Usagwire kiyi iliyonse poyamba. Ukaona kuti kulira kwa metronome kwasowa ngati yazima, ndiye kuti uli pa biti penipeni, gitala yaiphimba.

Chiko Matawale:
60 siyochedwa kwambiri man? Nyimbo zathu zambiri zimathamanga kuposa pamenepo

Yami Chanco:
Nchifukwa chake ndati 60. Kuimba pang'onopang'ono nkovuta kuposa kuthamanga chifukwa mpata wapakati pa kulira kuwiri umakula nde ngati mkati mwako mulibe biti umagwa msanga. Ikakhazikika uzikweza ndi 5 basi, 65, 70, osadumphira pa 100

Mdala wa Ridimu:
Mwana wanga Chiko, zimene wanena Yamizo nzoona koma ndiwonjezepo za dzanjalo. Achinyamata ambiri ndimawaona dzanja lamanja limaima likafika pamene palibe choti limenye, kenako limadzidzimuka kuthamangira kumenya kotsatira. Kuthamanga kumabadwira pamenepo. Dzanja lisaime ayi. Lizingoyenda pansi mmwamba pansi mmwamba nyimbo yonse, pamene sukufuna kuti pamveke ulidutsitse mmwamba mwa nsambo osazikhudza koma liyende ndithu. Kamenyedwe kalikonse kamene umamva, kusiyana kwake ndi koti ndi pati pamene dzanja lakhudza nsambo ndipo ndi pati pamene langodutsa.

Za pa kolasizo ndikuuze chimene chimachitika. Kwaya ikakweza mawu nawe umafuna umveke nde umamenya mwamphamvu, mkono umauma, ukauma umayenda njira yaifupi ndipo njira ikafupika liwiro limakwera osadziwa. Phunzira kukweza phokoso liwiro lili pomwepo. Menya mizere inayi chapansipansi, ina inayi mokweza, phazi likugunda chimodzimodzi. Malo ena oti uwayang'anitsitse ndi posintha kiyi makamaka kupita pa F. Nyamula zala pa kumenya komaliza kopita mmwamba, nsambo zilire zopanda kiyi kanthawi kochepako palibe amamva, bola ufike pa 1 nthawi yake.

Chiko Matawale:
Mdala apa mwalasa, pa F pomwepo ndi pamene zimasokonekera. Zikomo kwambiri

Che Dramu Songani:
Ine ndisiyane nanu pang'ono abale. Za metronome zi sindikuzikana koma mwana wobadwira ku Zomba kuno biti akaifune pa foni zoona? Nthawi ya zinamwali ikafika kuno ku Songani, ku Domasi, ku Jali konseko manganje amalira usiku onse, ana ang'onoang'ono amavina osaphonya ndi pamodzi pomwe ndipo palibe anawawerengera 1 2 3 4. Chiko biti uli nayo kale mthupi, vuto ndi loti ukanyamula gitala umaisiya pansi nkumaganiza za zala. Imirira poimba, uziponda mapazi ngati ukuvina, gitala itsatire miyendo

Yami Chanco:
Ankolo pamenepo ndikugwirizana nanu theka. Pa gule pamakhala ng'oma, mmanja, anthu ambiri nde ukasochera amakubweza. Chiko akakhala yekha kuchipinda amubweza ndani? Komanso pa gule liwiro limakwera gule akamakoma ndipo palibe cholakwika, koma mu studio kapena ukamaimba ndi kiyibodi yokhala ndi ma dramu ake sizilola zimenezo

Che Dramu Songani:
Za studio zo ndavomera. Koma ndakumanapo ndi anyamata amene amaimba ndendende ndi makina koma ukawayika pa ng'oma zenizeni amauma gwa, akudikira kuti wina awawerengere. Nyimbo imapuma mwana wanga, woimba ng'oma akakankha pang'ono nawe uyenera kumva

Mayi a Kwaya Sadzi:
Ndalowa mochedwa koma nkhaniyi ikundikhudza chifukwa ndine amene ndimavutika ndi oimba magitala Lamulungu lililonse. Chiko mwana wanga ndikufunse, ukamaimba umamvera ndani? Ambiri mumamvera gitala yanu yomwe. Sankha munthu mmodzi mu kwayamo amene sasuntha, kawirikawiri amakhala wa chisekese kapena wa ng'oma yaikulu, khutu lako likhale pa iyeyo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Chinanso uziimba nawo mawu a nyimboyo ngakhale chamumtima. Ukamaimba nawo umadziwa pamene anthu akufunika kupuma, sungawathamangitse chifukwa nawenso mpweya ukuthera. Nyimbo za mmabuku zija zili ndi mizere italiitali, woimba gitala amene sadziwa mawu ake amatipweteka kwambiri ife azimayi a soprano.

Ndipo pa maliro chonde chepetsani kumenya. Kamodzi pa kiyi iliyonse nkokwanira, siyani mawu ayende

Chiko Matawale:
Mayi ndamva. Kunena zoona ndimamvera gitala yangayo basi. Ndiyesa za chisekesezo Lamulungu likubwerali

Bezi wa ku Chinamwali:
Tiyeni tipite ku funso lachiwiri lija la zamba chifukwa ndi pamene pali nkhani. Chiko makiyi amene uli nawowo akukwanira kuimba rege, kwela, rumba ndi sungura yomwe. Nyimbo zambiri za zamba zimenezi zimazungulira pa makiyi atatu, mwina anayi. Chimasiyanitsa ndi dzanja lamanja komanso malo amene gitala imakhala pakati pa zida zinzake.

Yamba ndi rege poti unakula ukuimva, ya ku Balaka ya Alleluya Band ndi malemu Lucius Banda kapena ya ku Chileka ya ma Blacks. Werenga 1 2 3 4, pa 1 ndi pa 3 usakhudze, menya pa 2 ndi pa 4 pokha, nsambo zitatu zing'onozing'ono zapansizo, ndipo ukangomenya masula dzanja lamanzere nthawi yomweyo osachotsa zala pa nsambo kuti phokoso liduke, limveke tchak osati tchaaang. Mu kamenyedwe ka ma dramu a rege kotchedwa one drop dramu yaikulu imagwa pa 3 nde iwe umakhala uku ndi uku kwa dramuyo, simukumana. Zimaoneka zophweka koma yesa kuchita zimenezo nyimbo yonse osawonjezera kanthu, manja amayabwa kufuna kudzaza mipata. Mipata imeneyo ndi yanga ine wa bezi, usalowemo

Yami Chanco:
Apa metronome imathandizanso, uyiyike pa liwiro lochepa nde uziyesa kuti kulira kwake ndi 2 ndi 4, 1 ndi 3 uzisunga wekha mmutu. Poyamba mutu umazungulira koma ikakhala yakhala

Tiya Fingerstyle:
Moni nonse. Ine ndimaimba ndi zala osati piki, kapulasitiki komenyera nsambo kaja, nde ndiyankhulepo za mbali imeneyo poti palibe waitchula. Chiko kamvere malemu Daniel Kachamba wa kwa Singano ku Chileka, zojambula zake zilipo pa YouTube. Ukamamva umayesa ndi anthu awiri koma ndi munthu mmodzi, chala chachikulu chikuyendetsa bezi pa nsambo zikuluzikulu, chamkombaphala chikuimba nyimbo pa zing'onozing'ono. Iyeyo ndi mng'ono wake Donald anakhalako ku Salisbury ali ana, kumene kwela ya ku Johannesburg ija ya timatoliro tachitsulo inali itafala zaka za m'ma 1950, anabwera nayo kuno nkuisandutsa yawoyawo. Gerhard Kubik, wofufuza za nyimbo wa ku Austria, anakumana nawo ku Blantyre mu 1967 nkuyamba kuwajambula, nchifukwa chake tikutha kuwaona mpaka lero ngakhale Daniel anamwalira mu 1987 ndipo Donald mu 2001.

Kwela makiyi ake amazungulira C, F, C, G7 kubwereza bwereza osasintha, koma kayendedwe kake nkotsimphina, kumenya koyamba kotalika kachiwiri kofupika, taa ta taa ta, osati ta ta ta ta. Ukafuna kuphunzira yamba ndi chala chachikulu chokha. Chiziyenda pa nsambo ziwiri mosinthana mpaka uzitha kucheza ndi munthu chala chikuyendabe. Ukafika pamenepo lowetsa chamkombaphala, noti imodzi yokha pakati pa ma bezi awiri, kenako ziwiri. Zili ngati azimayi awiri akusinja mumtondo umodzi, musi wina ukamatsika wina ukukwera, sawombana ndipo phokoso limamveka lowirikiza koma aliyense akuyenda pa liwiro lake lomwe lija.

Mdala wa Ridimu:
Mwana wamkazi iwe wandikumbutsa kutali. Nthawi yathu wailesi inali imodzi ndipo nyimbo ikadutsa yadutsa, umadikira tsiku lina kuti uimvenso nde khutu limakula mokakamizika. Allan Namoko wa ku Thyolo anali wosaona koma tamverani mmene ankakhalira pa biti ndi Chimvu River Jazz Band, zida zake zambiri zopanga okha. Lero muli ndi mwayi woti mutha kuchedwetsa vidiyo pa YouTube nkumaona chala chilichonse, gwiritsani ntchito mwayi umenewo koma musaiwale kutseka maso nthawi zina nkumvera chabe

Tiya Fingerstyle:
Zoona mdala. Komanso Madalitso Band ya ku Lilongwe ija, anthu awiri okha, wina babatoni, bezi yopanga okha ya nsambo imodzi, wina gitala ya nsambo zinayi uku akugunda ng'oma ndi chidendene, mpaka akuzungulira nazo ku Ulaya anthu nkumavina. Nsambo zinayi zokha. Mphamvu yonse ili pa biti yosasuntha ija

Che Dramu Songani:
Ehee nde mwafika kumene ndimafuna. Chiko ukafuna kuimba zathu zakuno pali chinthu chimodzi choti uchigonjetse. Magule athu ambiri sayenda pa ziwiriziwiri ngati nyimbo za mmabuku, amayenda pa zitatuzitatu, phazi likaponda kamodzi mkatimo muli tizigawo titatu, ta ki ta ta ki ta ta ki ta ta ki ta, anzathu a sukulu amati 12/8. Nde pamwamba pa zimenezo mmanja kapena ng'oma ina imayenda mwa njira yake yopingasa, zitatu pamene phazi laponda kawiri.

Chita chonchi, siya gitala kaye khala pampando manja pamaondo. Werenga mpaka 6. Dzanja lamanja limenye pa 1, 3, 5. Lamanzere pa 1 ndi 4. Ukaphatikiza zimamveka: onse pamodzi, kampata, lamanja lamanzere lamanja, kampata, nkubwereranso. Uchite mpaka uzitha kumvera dzanja limodzi lokha linalo likuyendabe, kenako usinthe khutu umvere linalo. Ukatha apo lamanzere lija lisanduke phazi, lamanja lipite pa nsambo zogwira zija ananena Yami. Ukamenya gitala mwa njira imeneyi ngakhale pa kiyi imodzi yokha agogo ako adzuka kuvina

Chiko Matawale:
Ankolo ndayesa pompano pamaondo, poyamba manja amangopita limodzi koma kenako zinagwira pang'ono. Nde pa gitala dzanja lija loti lisaime liziyenda bwanji poti tizigawo ndi titatu? Pansi mmwamba pansi kenako phazi lachiwiri likugwera mmwamba

Mdala wa Ridimu:
Funso labwino kwambiri limenelo. Pali njira ziwiri. Ena amapanga pansi mmwamba pansi, pansi mmwamba pansi, kuti phazi lililonse likumane ndi kumenya kwa pansi, imeneyo ndi yabwino nyimbo ikakhala yosathamanga. Koma ikathamanga dzanja silingakwanitse pansi kawiri motsatizana nde umangosinthanitsa, pansi mmwamba pansi, mmwamba pansi mmwamba, phazi loyamba likugwa ndi pansi lachiwiri ndi mmwamba. Ine ndimakonda yachiwiriyi chifukwa kumenya kwa pansi kumagwera pa 1, 3, 5 kokha, ndiye kuti dzanja likukupatsa zitatu zija lokha pamene phazi likusunga ziwiri. Zonse zimene wafotokoza Che Dramu zili mmenemo kale

Yami Chanco:
Mdala izi nde sindinaziganizepo chonchi, ndikayesa madzulo ano

Bezi wa ku Chinamwali:
Tikambeko za rumba mwachidule. Kumeneko gitala ya ridimu simenya nsambo zonse, imatola imodziimodzi kapena ziwiriziwiri chapakati pa khosi la gitala, kachidutswa kakafupi kobwereza osatopa. Ma bandi akuluakulu a ku Kinshasa ngati OK Jazz ya malemu Franco ankakhala ndi magitala angapo, lidi, ridimu ndi ina yapakati amaitcha mi-solo, iliyonse ndi kanjira kake nde zikalukana ndi pamene sebene, gawo lija lovinira la magitala, imakoma. Wekha sungaimve bwino, umafunika mnzako. Sungura ya ku Zimbabwe maganizo ake ndi omwewo koma liwiro lake ndi lalikulu ndipo bezi imayankhula kwambiri, tamumverani Alick Macheso, nyimbo zina amaimbamo ndi Chichewa chomwe. Koma Chiko sungura uisiye kaye mpaka dzanja litakhazikika, ingakubwezere ku kuthamanga kuja

Kondwa Mpondabwino:
Pepani ndilowerere, ine ndine wongoyamba kumene. Kodi si bwino munthu kungogwira chamba chimodzi nkuchidziwa bwino? Ndikuona ngati tikamufotokozera Chiko rege, kwela, rumba, manganje zonse tsiku limodzi asokonezeka

Tiya Fingerstyle:
Achimwene mwanena zoona mbali ina. Asaziyambe zonse nthawi imodzi, atenge chimodzi akhale nacho mpaka chilowe. Koma kukhala pa chamba chimodzi moyo onse ine ayi. Chilichonse chili ndi chimene chimakuphunzitsa, rege inandiphunzitsa kudula phokoso ndi dzanja lamanzere ndipo luso limenelo ndimaligwiritsa ntchito ngakhale pa nyimbo za kutchalitchi. Blues inandiphunzitsa kuwerenga mizere chifukwa imayenda ma bar 12, bar imodzi ndi kuwerenga 1 2 3 4 kamodzi, anayi pa kiyi yoyamba monga C, awiri pa yachinayi F, awiri kubwerera, kenako yachisanu G, yachinayi, nkutsiriza awiri pa yoyamba, ukasochera pamenepo aliyense amadziwa. Taonani Erik Paliani, anachoka kuno nkukaimba ndi Hugh Masekela ku South Africa, munthu sangafike pamenepo akudziwa kamenyedwe kamodzi

Mdala wa Ridimu:
Ine ndili pakati. Phunzirani za eni ake koma pakhale pamene mwaima. Chimandiwawa ndi kuona mnyamata akutha kutsanzira woimba wa ku America noti ndi noti koma ukamuuza kuti tandiperekeze nyimbo ya beni kapena ya tchopa akuyang'ana kumwamba. Kunja kuja za ku America ali nazo kale zambiri, chimene alibe ndi chathuchi. Musaiwale kuti chimbale choyamba cha ku Malawi kufika pa mndandanda wopikisana wa Grammy mu 2016 chinajambulidwa mu ndende ya Zomba yomweyi, nyimbo zina mawu okha zina kagitala ndi mawu, zambiri mu Chichewa

Mayi a Kwaya Sadzi:
Ndipo kutchalitchi komweko zamba zonsezi zimafunika. Nyimbo ya chopereka imafuna anthu avine, ya mgonero imafuna bata, achinyamata akufuna rege, azimayi a chigwirizano akayambitsa yawo imabwera pa zitatuzitatu zija ndipo sakuuza kiyi, umangoyenera kuipeza. Woimba gitala wa kamenyedwe kamodzi amaziphwanya zonse kukhala nyimbo imodzi

Kondwa Mpondabwino:
Ndamva mayi. Nanga pa tsiku munthu aziyeserera nthawi yaitali bwanji? Ena timaweruka mochedwa ku geni

Yami Chanco:
Bola pang'ono tsiku lililonse kusiyana ndi tsiku lonse la Loweruka lokha. Ngakhale mphindi 20, zoyambirira nsambo zogwira ndi metronome, zotsala nyimbo imodzi ya chamba chimene ukuphunzira. Nde chinthu china chofunika kwambiri uzizijambula pafoni. Pamene ukuimba khutu limakunamiza chifukwa mutu watanganidwa ndi zala, koma ukamvera pambuyo pake umamva poyera pamene wathamanga. Mvera poyambira kenako udumphire kumapeto, ngati liwiro lasiyana udziwiratu

Bezi wa ku Chinamwali:
Ndipo magetsi akazima si chifukwa chosiyira, gitala ya bokosi sifuna magetsi. Ine bezi ndimayeserera osalumikiza komwe, chibwano pa thupi la gitala umamva bwinobwino

Che Dramu Songani:
Yami tipangane chonchi, pakati pa sabata aziyeserera ndi foni yakoyo koma Loweruka abwere akumane ndi ng'oma. Ndili ndi ng'oma ziwiri ndi botolo ndi msomali, zimenezo zikwanira

Yami Chanco:
Apo nde palibe mkangano ankolo, nanenso ndibwera ndikufuna ndiyese za mdala zija pa ng'oma zenizeni

Mdala wa Ridimu:
Ku Songani kwatalika kwa ena, bwerani kwathu kuno ku Matawale pali khonde lalikulu ndipo aneba anazolowera. Loweruka 2 koloko masana. Che Dramu ng'omazo mukwere nazo minibasi ndidzakuchingamirani pa siteji. Aliyense abwere ndi nyimbo imodzi yokha, tidzaiimba mu rege, kenako mu kwela, kenako pa zitatuzitatu makiyi osasintha kuti Chiko ndi Kondwa adzamve ndi makutu awo

Tiya Fingerstyle:
Ine ndibwera koma ndidzachoka msanga, kwathu nkutali ku Thondwe. Amene ali ndi kapo yopanira nsambo pa khosi la gitala adzatenge, yanga ndinabwereketsa

Chiko Matawale:
Kapo ndili nayo sisi ndidzatenga. Mdala munditumizire ku inbox malo ake enieni. Mayi a Kwaya nanunso mubwere ndi chisekese chonde

Mayi a Kwaya Sadzi:
Tili ndi pulakatisi mpaka 1 koloko, ndikatuluka ndidzakwera kabaza. Kondwa ubwere ndi gitala yako ngakhale ukudziwa makiyi awiri okha, tidzakuyika pa 2 ndi 4